Ku Mtakataka, kumene amayi amalondola mwana wojomba

Msewu wa ku Golomoti umapatuka pa Masasa, kusiya msewu waukulu wa M1 ndi chisanu cha ku Dedza, n'kuyamba kutsika phiri mokhotakhota. Pofika pansi juzi imakhala itavulidwa kale. Kuno ndi kuchigwa, dziko la malambe ndi dzuwa loswa mtengo. Wokhotera kumpoto pa msewu wa ku Salima amadutsa pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, kenaka amafika pa Mtakataka, likulu la Inkosi Kachindamoto.

Alendo ambiri amathera pa Mua pomwepo, kuona zosemasema ku Kungoni. Koma dera lino linatchukanso ndi ntchito ina yosajambulika msanga: ya makolo amene amatumikira sukulu popanda malipiro.

Pamene boma la Malawi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'sukulu nthawi imodzi. Mphunzitsi wokhala ndi ana zana pansi pa mtengo sakanatha kudziwa kuti wajomba ndani, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Mpata umenewu ndiwo makolo amatseka. Komiti yoyendetsa sukulu imaona za ndalama ndi zomangamanga, komiti ya makolo ndi aphunzitsi imamva madandaulo a mbali zonse, pamene gulu la amayi limayang'anira ana, makamaka atsikana. Magulu atatuwa akalowererana ntchito, mkangano wake umakhala wa ndalama kawirikawiri, ndipo ndi bwino mphunzitsi wamkulu kuwakhazika pamodzi chaka chikamayamba kuti aliyense adziwe malire ake.

Theresa Kachindamoto analowa ufumu mu 2003, atagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri ku Zomba. Atapeza atsikana aang'ono atabereka makanda kumbuyo, anapangana ndi mafumu ake kuthetsa maukwati a ana, ndipo amene anaphwanya panganolo anawaimitsa. Komatu Inkosi sikanatha kuona m'nyumba iliyonse. Maso ake anali makolo a m'midzi, amene ankanena mwakachetechete mtsikana akatulutsidwa sukulu. Malamulo anabwera pambuyo: la maukwati mu 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zimene zinaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira. Inkosiyi inamwalira mu 2025, ndipo ntchitoyo yatsala m'manja mwa makolo omwewo.

Gulu lotere limayamba pa bwalo, nyakwawa itaitana anthu. Mudzi uliwonse wotumiza ana pa sukulupo usankhe munthu wake, chifukwa mayi wa tsidya lina sangalowe bwino m'nyumba ya anthu osamudziwa. Kusankha munthu chifukwa ndi mkazi wa mfumu kapena amalankhula kwambiri pa misonkhano n'kudzipha nokha. Wofunika ndi amene atsikana angamuuze chinsinsi osachimva mawa pa mjigo. Pakhale wapampando, mlembi wodziwa kulemba, ndi msungichuma amene sali pachibale ndi wapampandoyo.

Chida chachikulu cha gululi ndi kaundula wa m'kalasi. Amayi awiri akamaonana ndi aphunzitsi mlungu uliwonse n'kutenga maina a ana amene ajomba masiku angapo, amafika pakhomo nkhani isanakule. Apite awiri, apite ngati alendo, alonjere bwino, amve kaye. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono moti munthu angachite nalo manyazi kulinena: sopo, kope, yunifolomu yong'ambika, kapena nsalu yodzisamalira pa nthawi ya kumwezi. Ichi n'chifukwa chake dimba la gulu kapena makina amodzi osokera zimaposa misonkhano khumi. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera ku sukulu kuyambira mu 1993, koma lamulolo silimulerera mwana. Wina ayenera kukakambirana ndi agogo a khandalo. Makolo akakana ndithu, nkhani ipite kwa mfumu, amayiwo asakangane nawo pakhomo.

M'sukulu zimene muli phala, ngati lija bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka m'Malawi mu 2002, ophika nawonso ndi odzipereka. Amafika kusanache, ena atasenza nkhuni. Pamenepa chofunika ndi ndandanda yolembedwa ndi kupachikidwa poyera, midzi ikumasinthana, kuti katundu asagwere amayi asanu okhaokha mpaka atatopa. Abambo, amene amaoneka pa tsiku loumba njerwa basi, nawo ali ndi malo pa ndandandawo: nkhuni, madzi ndi kulondera nkhokwe ya ufa.

Mayeso enieni a gulu amabwera m'dzinja. Mu Januwale ndi Febuluwale mitsinje yotsika m'phiri imadzaza, chakudya chimachepa m'nyumba, makolo amathamangira ganyu, ndipo anyamata ena amakopeka ndi usodzi kunyanja. Ndi nthawi yomweyo imene ana amajomba kwambiri, odzipereka nawonso ali kumunda. Gulu lochenjera limakonza ndandanda wa miyezi imeneyi mu Okutobala, kuchigwa kukadali fumbi, ndipo limafupikitsa maulendo kuti mayi aliyense ayendere makomo a m'mudzi mwake mokha, madzulo akaweruka kumunda.