Chikande ndi mayina ake

Tisanasamukire kuno ku Chirimba, kwathu kumapiri a ku Dedza tinkadziwa dzina limodzi lokha: chikande. Duwa likhale lofiira, loyera kapena lobiriwira, malinga pansi pake pali timbatata tija, amayi ankangoti ndi chikande. Anzathu a ku Rumphi ndi ku Mzimba amati chinaka, a ku Zambia chikanda. Dzinali linkachokera mumphika, osati pa duwa.

Amayi ankakumba mvula ikatha, maluwa atafota. Pa tsinde lililonse pamakhala timbatata tiwiri, kakale kofwapa ndi katsopano kolimba, ndipo kolimbako ndiye ndiwo. Ankatitsuka, kutisinja mumtondo, kenako n'kuthira mumphika wa madzi a chidulo pamodzi ndi nsinjiro ndi kamchere. Apa mpamene panali ntchito. Mthiko sunkaima mpaka phalalo litalimba, litafiirira. Likazizira ankalidula m'zidutswa zooneka ngati chiwindi, moti mlendo wina anadya mbale yonse akuyamika kuti tamuphera mbuzi. Amayi sanamutsutse.

Titafika ku Blantyre anapitiriza, koma tsopano mogula timbatatato kwa amayi anzawo obwera nato m'madengu kuchokera kumapiri. Ankatola kamodzikamodzi, kukanikiza ndi chala, nkumati, "Aka nkabodza, sikagwira." Wogulitsa ankangoseka, podziwa kuti wakumana ndi mwini ntchito.

Mayina enawo ndinawadziwa nditakula kale, m'buku lotchedwa Orchids of Malawi, lomwe Isobyl la Croix ndi a pabanja pake anatulutsa mu 1991. M'menemo ndinaona kuti m'dziko muno muli mitundu yoposa 400 ya maluwa a orchid amenewa, ina yomera pansi, ina yokakamira m'mitengo, ndipo pa Nyika pokha pali pafupifupi 200. Chikande chathu chija akatswiri anachigawa m'mabanja: Disa, Satyrium, Habenaria. Kenaka mtundu uliwonse uli ndi dzina lachiwiri, ndipo mayina achiwiriwa ndi amene anandiseketsa mumtima.

Satyrium buchananii ndi dzina la John Buchanan, wosamalira dimba amene anafika ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, pambuyo pake n'kudzalima khofi ku Zomba. Habenaria walleri akukumbutsa Horace Waller, yemwe anabwera ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero mu 1861. Anthu onsewa anapeza agogo athu akudya kale chikande, koma dzina linapita kwa wonyamula duwa kutsidya la nyanja, wolipota pamoto ayi. Chonsecho sindiwanyoza mayinawa. Wa ku Tanzania ndi wa ku Mulanje akatchula Disa zombica, onse amadziwa kuti akunena duwa limodzi, ndipo phiri la Zomba lamvekera momwemo. Ku National Herbarium ku Zomba amasunga maluwa ouma pamapepala, lililonse ndi dzina lake ndi malo amene linatengedwa.

Amayi akanakhalapo akanawafunsa akatswiriwo funso limodzi: pa mitundu yonseyi, wogwira bwino mumphika ndi uti? Iwo ankaudziwa ndi chala.

Masiku ano phiri la Ndirande ndi mbee, ndipo la Michiru, lomwe timaliona tili pakhonde, likutha ndi makala. Okumba chikande nawonso sadikira kuti duwa ligwetse njere, chifukwa ku Zambia msika wa chikanda ndi waukulu. Mdzukulu wanga wina amadziwa kulemba Satyrium osalakwitsa, anaphunzira ku koleji. Chikande chenichenicho analawa chaka chatha, atachita kuitanitsa kuchokera ku Mzuzu pa basi, ndipo anati chikuchepa mchere.