Mapepala a m'thiranki ya amalume

Titaika maliro a amalume ku Chadiza, amayi anandituma kukatsekula thiranki yawo yachitsulo kuti zovala zigawidwe. Pansi pa majekete ndinapeza mapepala asanu ndi limodzi, ofiirira, m'mbali mwake modyedwa ndi mphemvu. Azakhali anali atawatola kale kuti akakulungire vitumbuwa. Ndinachita kuwapempha.

Anali mapepala olengeza zisudzo za pasukulu yomwe amalume ankaphunzitsa. Anawataipa pa sitensulo n'kuwasindikiza pa makina aja opukusa ndi dzanja, moti inki inadzaza m'mimba mwa "o" aliyense. Limodzi ndi la 1978: mutu wa sewero, tsiku, mtengo wolowera 20 ngwee, ana 10 ngwee, kenako maina a osewera. Pamzere wachinayi pali dzina la amayi anga, mkazi wa mfumu m'seweromo. Amayi omwewa amene anandiletsa kalabu ya drama ndili mu Giredi 9, amvekere zisudzo sizidyetsa munthu.

Zaka zimenezo zisudzo zinali pamoto. Chikwakwa Theatre ya ku UNZA, yomwe Michael Etherton anayambitsa ndi ophunzira ake, inakana kuti sewero likhale la m'nyumba ngati Lusaka Playhouse mokha. Inkayenda nalo m'zigawo, m'zinenero zathu. Kabwe Kasoma anali atalemba kale Black Mamba. Dzina lenilenilo, chikwakwa, ndi la chida chotchetchera udzu. Ndikayang'ana pepala la amalume, ndimaona kuti udzuwo unatchetchedwa mpaka kwathu.

Ku London, Victoria and Albert Museum imasunga mapepala otere ambirimbiri, ndipo osonkhanitsa zakale amagula ena ndi ndalama. Athuwa palibe angawagule. Koma sewero lija silinajambulidwe, mawu ake sanasungidwe, ndipo amene analiphunzitsa tinawaika Lachiwiri. Umboni wotsala woti madzulo amenewo anthu anasonkhana n'kuseka ndi pepalali basi. Ine pano ndimatsogolera drama pasukulu yathu m'komboni, ndipo zolengeza zathu timaziika pa status ya WhatsApp, yomwe imazimirira pakatha maola 24. Za chaka chatha ndilibe ndi chimodzi chomwe.

Usiku ndinapatsa amayi pepalalo. Anavala magalasi, anawerenga nthawi yaitali osanena kanthu.

"Amayi, ndinu amenewa?"

"Wotaipayo analakwitsa dzina langa," anatero. "Ndinalira tsiku lonse. Usalipinde, bwera nalo kuno."