Lusaka wa Papepala, Lusaka wa Pafoni

Inu amene munakwerako basi za UBZ mukukumbukira kuti kale munthu wofuna mapu a Lusaka ankayamba wasita malaya. Ankapita ku Mulungushi House, mumsewu wa Independence, kuofesi ya masaveya a boma, n'kuima pakauntala chipewa chili m'manja. Kalaliki ankakoka dirowa yachitsulo n'kutulutsa chipepala chachikulu ngati mphasa ya mwana, pamene masentimita 2 ankaimira kilomita yathunthu. Mapulani a mapoloti ankatuluka m'makina ali ndi fungo la amoniya lobaya m'mphuno mpaka misozi. Mapu ankachita kukulunga bwinobwino. Wowapinda panayi ankaoneka kuti sanaleredwe.

Lero mdzukulu wanu ali gone pasofa ku Chelstone, Lusaka yense ali pansi pa chala chake. Kuyambira mu 2000, pamene boma la America linaleka kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, ndi 2005, pamene Google Maps inayamba, mapu asanduka chinthu cha m'thumba. Mwanayo akaitana Yango amaonerera kagalimoto kakukwawa pafoni mpaka pageti. Koma tamufunsani kuti kum'mawa ndi kuti. Ayang'ana foni, dzuwa lili phee pamphumi pake.

Ife njira tinkaifunsa kwa anthu, ndipo sinkaperekedwa kwa munthu wosapereka moni. "Mwaswera bwanji, amayi? Pepani, ndine mlendo kuno." Mayi wa zitumbuwa ankayamba wapukuta manja pachitenje, kenako n'kuloza: mukatsika pathanki ya Chelstone mulowere kumanzere, mukaona mtengo wa mango mufunsenso. Ku Kabwata chizindikiro chinali tinyumba tozungulira ta udzu ta mumsewu wa Burma. Ku Woodlands, bwalo la mpira la City Yamoto. Ku Kabulonga, mlonda wa pageti ndi kuuwa kwa agalu a m'mayadi. Zimakoma kuzikumbukira, koma tisanamizane: tinkasochera. "Ndi pafupi pompano" ankatha kukhala ulendo wa ola lathunthu, ndipo mtengo wa mango uja nthawi zina unali utasanduka kale makala.

Kaphunziridwe nako kanali ka thukuta. Wophunzira za mapu ku UNZA ankawerama pa zithunzi ziwiri zojambulidwa pandege, n'kuziyang'ana ndi magalasi apadera mpaka zitunda zitatukuka papepala. Kenako cholembera cha Rotring, pepala loonekera mkati, mpweya atagwira. Inki ikangodontha, ntchito ya mlungu wonse yapita. Anthu amenewo ankadziwa mtengo wa mzere uliwonse, chifukwa ambiri anali atauyenda ndi miyendo, tepi m'manja, kufunafuna bikoni m'maudzu.

Ana a lero pasukulu yomweyo amatsegula QGIS, pulogalamu yaulere, n'kumasanjikiza nkhani pamwamba pa inzake: pansi misewu, pamwamba mapaipi a madzi, kenako zitsime, zimbudzi, pomaliza nyumba zimene mwatuluka odwala. Akaika mapuwo pa intaneti, wa kukhonsolo, wa kuchipatala ndi wa zamadzi amaona chinthu chimodzi nthawi imodzi. Amene anaona kolera imene inabuka mu 2017 amadziwa phindu lake. Ku Kanyama madzi apansi ali pafupi, thanthwe lake ndi lobookabooka, ndipo chitsime chosaya chikayandikana ndi chimbudzi chokumba matenda sachedwa. Timadontho ta odwala tikaunjikana pamapu, galimoto ya madzi aukhondo imadziwa koyambira. Rotring yathu ija ikanamaliza kujambula maliro atachuluka kale.

Pali funso lina limene ife okonda zakale timalizemba: mapu okongola aja anali a yani? Mzinda uno unakonzedwa motsatira maganizo a Stanley Adshead, amene analemba lipoti lake mu 1931, n'kukhala likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone. Unakonzedwera ochepa. Pamapu a tauni, misewu ya ku Kabulonga inkaoneka ndi mayina ake, pamene tinjira ta m'makomboni, kumene kunkachokera ophika ndi osamalira maluwa a m'mayadi omwewo, sitinkaoneka kawirikawiri. Lamulo lovomereza kukonza makomboni linadza mu 1974, koma pepala linachedwa kuwazindikira.

Pamenepa achinyamata atiposa, tivomereze. Pa OpenStreetMap, mapu oyambika mu 2004 amene aliyense angathe kuwonjezerapo, ophunzira amajambula denga ndi denga, kanjira ndi kanjira, ku Mtendere, ku Kalingalinga, ku Misisi. Mu 2021 bungwe la Ordnance Survey la ku Britain linagwiritsa ntchito zithunzi za m'mwamba ndi makompyuta odziphunzira kujambula dera la Lusaka lokwana masikweya kilomita 420. Nyumba imene agogo sanaionepo papepala lililonse la boma tsopano ili ndi malo ake.

Komabe foni ili ndi malire. Malaiti akathima, bandulo ikatha, katswiri wathu amasanduka mlendo m'tauni yobadwira. Ngakhale dalaivala wa Yango, pini ali nayo, amaimbabe: "Bwana, muli pati kwenikweni?" Yankho lake ndi lakalekale: geti yakuda, pafupi ndi kantemba. Chithunzi cha m'mwamba chimaona denga, koma sichidziwa kuti kanjira aka kamasefukira mu Januwale, kapena dzina limene eni dera amatchula pamalopo. Zimenezo zili m'mitu ya ife a imvi, ndipo sizilowa pa intaneti zokha. Choncho musangomuseka mdzukuluyo. Loweruka likubwerali mutengeni muyende naye wapansi kuchokera ku Kabwata mpaka ku Cairo Road, inu muzitchula, iye azilemba. Nsapato zake zoyerazo zidzada, koma adzachira.