Kalata ya a Kopolo

Mtsinje wa Dwambazi umatsika kuchokera ku mapiri a kumadzulo, nuthira m'Nyanja ya Malawi pa malire a maboma a Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Anthu a kumeneko amalima chinangwa ndi mpunga, ndipo amuna ambiri ndi asodzi. M'mudzi wina pafupi ndi mtsinjewo munkakhala mkulu wina amene anthu onse ankangoti a Kopolo. Atonga ankati Ada Kopolo. Iwo sanali mfumu, sanalinso wolemera. Chuma chawo chinali bwato limodzi, ukonde, munda wa chinangwa ndi banja lawo. Koma m'mudzimo akumbukiridwabe, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabuka mu 1939, iwo anali mnyamata wongokwatira kumene. Ndalama ya msonkho inkavuta kupeza. Anzawo ambiri ankapita ku migodi ya ku Joni, ena ku Halale. Patapita nthawi iwo analembetsa usilikali wa King's African Rifles, umene anthu ankautcha Keyala, napita ku Zomba kukaphunzira perete ndi mfuti. Kumudzi anasiya mkazi ali ndi mwana wamwamuna kumsana.

Mu 1943 anakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa, nawoloka nyanja yamchere mpaka ku Ceylon, dziko limene lero litchedwa Sri Lanka. Mu 1944 analowa m'dziko la Burma kukamenyana ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw. Inali nyengo ya mvula yosakata. Matope ankafika m'mawondo, misundu inkayamwa magazi, ndipo malungo anagwetsa amuna ambiri. Chakudya chinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege.

M'chigwa momwemo a Kopolo analandira kalata yochokera ku Dwambazi. Mkazi wawo sankadziwa kulemba, tsono anawalembera ndi mphunzitsi wa pamudzi. Nawonso a Kopolo sankadziwa kuwerenga. Anapita nayo kwa msilikali mnzawo amene anafikako ku sukulu, nati, "Achimwene, tandiwerengerani mawu a kwathu."

Mnzawoyo anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Pomaliza anati, "Akuti onse ali bwino. Chinangwa chakhwima, ndipo akukupatsani moni."

A Kopolo anakondwa, napinda kalatayo, naisunga m'thumba la pachifuwa. Anayenda nayo mpaka ku mtsinje wa Chindwin, umene asilikali anaufika kumapeto kwa chaka chimenecho. Koma mnzawo uja sanafikeko, pakuti anatsala m'manda a m'chigwa cha Kabaw.

Mu 1945 asilikaliwo anali ku India, pafupi ndi mzinda wa Ranchi. Nkhondo inatha mu Ogasiti, ndipo amuna anakhala miyezi yambiri akudikira sitima yobwerera kwawo. A Kopolo anagula kamalaya kofiira pa msika, kuti akamuveke mwana wawo. M'masiku omwewo anayamba kuphunzira zilembo kwa aphunzitsi a usilikali. Dzanja lozolowera nkhafi ndi mfuti linkanjenjemera pogwira pensulo, koma iwo sanaleke.

Tsiku lina madzulo anati ayese nzeru zawo zatsopano. Anatulutsa kalata yakale ija, nayamba kulondola zilembo ndi chala, liwu limodzilimodzi. Moni anaupeza. Za chinangwa anazipezanso. Koma pakati pa pepalalo panali mawu ena amene sanawamvepo: mwana wawo anadwala chikuku, namwalira, ndipo anaikidwa kumanda a makolo. Chaka chathunthu anayenda ndi uthenga wa maliro pachifuwa, iwo osadziwa.

Sanamusungire chakukhosi mnzawo uja. Ankati, "Anandibisira chifukwa cha chifundo, kuti ndingafooke pa nkhondo. Koma maso obwereka saona zonse."

Anafika kwawo mu 1946. Ndalama zimene analandira potuluka usilikali sanamwere mowa, koma anagula ukonde ndi nkhwangwa, nasema bwato lawolawo. Usiku ankapita pa nyanja kukapha utaka ndi usipa. Masana ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, kwinaku akulemba zilembo pa mchenga kuti mkazi wawo aziphunzira.

"Bambo, ine ndakula, mutu wauma," ankatero mayiwo.

"Iyayi mayi, wanga unali wouma koposa wanu. Lembaninso."

Mulungu anawapatsa ana ena asanu, ndipo kamalaya kofiira kaja anavala ndi woyamba wa iwo. Onse asanu anapita ku sukulu, aakazi omwe. Anthu ena ankaseka, nati mwana wamkazi ntchito yake ndi kuviika chinangwa ndi kuphika kondowole. A Kopolo sankatsutsana nawo. Chaka china mwera unaomba masabata ambiri, mabwato osalowa pa madzi, ndipo ndalama za sukulu zinasowa. Iwo anagulitsa jasi ndi jombo zawo za usilikali, ana osaleka sukulu.

Koma ntchito imene anadziwika nayo koposa inali ya pakhonde. Amayi amene amuna awo anali ku migodi ankabwera ndi makalata kuti awawerengere. A Kopolo sankalandira kanthu, ndipo sankabisa liwu ngakhale limodzi. Uthenga ukakhala woipa, ankayamba aitana mkazi wawo kuti akhale pafupi ndi mwini kalatayo, ndipo pamenepo ankanena zonse mofatsa. Pomaliza ankati, "Mawa mubwere, ndidzakuonetseni zilembo, kuti kalata inayo mudzawerenge nokha." Ena ankachita manyazi, koma ambiri ankabweradi.

Anamwalira ali nkhalamba, dziko litalandira kale ufulu wake mu 1964. Ana awo atatsegula kachitini kamene ankasunga pansi pa mphasa, anapezamo mamendulo a nkhondo atachita dzimbiri. Pansi pake panali kalata ija, yokulungidwa bwino m'kansalu. Anaiwerenga mokweza pamaso pa ana ndi adzukulu anali mayi awo, nkhalamba ija inkati mutu wauma.

Tsono munthu wamkulu amene wayamba kumene kugwira pensulo asachite manyazi dzanja likamanjenjemera. La a Kopolo linanjenjemeranso.