Chigubu cha Madzi Chinandibwezera Mphamvu

Amayi anzanga, ndifuna kukusimbirani nkhani imene ndinali kuchita nayo manyazi kwa miyezi yambiri. M'chaka cha 2023 ndinadwala chifuwa chachikulu, ndipo ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi monga mwa lamulo la kuchipatala. Nthendayo inatha ndithu, koma inandisiya wopanda thupi. Podutsa pamsika wa pa boma pano pa Mwanza ndinali kumva anthu akutsitsa mawu, ndipo zimenezo ndinapirira. Chimene chinandiliza ndi cha tsiku lina pa mjigo. Ndinadzaza ndowa yanga ya malita 20, yonga imene ndakhala ndikusenza chiyambire utsikana wanga, koma ndinalephera kuifikitsa ngakhale pa bondo. Ine amene ndimatsogolera gulu la amayi, ndinachita kupempha kamtsikana ka sukulu kuti kandinyamulire.

Alangizi sanasowe. Mnzanga wina anandinong'oneza za mapiritsi onenepetsa amene amagulitsidwa mobisa. Mwamwayi ndinayamba ndafunsa kwa dokotala amene anali kundiona, ndipo anandiletsa kwamtuwagalu. Anati ena mwa mapiritsiwo amatupitsa nkhope ndi mimba, pamene manja ndi miyendo zikunka ziwonda, ndiponso amafooketsa chitetezo cha m'thupi kotero kuti chifuwa chija chikhoza kudzukanso. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kunenepa ndi kwina, kukhala ndi minofu ndi kwinanso. Mafuta sanyamula ndowa.

Mlangizi wachiwiri anali mwana wanga wamwamuna wa Folomu 3. Iye ndi anzake ali ndi chitsulo chao kuseri kwa nyumba, paipi yakale yokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku. "Amayi, bwerani muyese," anatero. Njira yao ndi yakuti tsiku lililonse anyamule cholemera kopambana, ndipo amangosamala za chifuwa ndi akatumba, miyendo ili ngati ya kakowa. Ndinayesa kamodzi, iwo akuombera m'manja, ndipo msana unandigoneka pamphasa sabata yathunthu. Pofuna kupepesa, mwanayo anandilembera kuchokera pa foni masewero khumi ndi asanu, lililonse ndi tsiku lake. Pepalalo ndinapita nalo kuchipatala. Dokotala uja anaseka, nafafaniza ambiri, nasiya asanu okha. Anandiuzanso kuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu aliyense, mwamuna kapena mkazi, azichita masewero olimbitsa minofu ya thupi lonse masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata.

Ndidziwa chimene mukunena mumtima, pakuti inenso ndinanena chomwecho. Kodi ife amene timalima, kusinja, kutema nkhuni ndi kukwera mapiri a kuno mtolo uli pamutu, tikusowanso masewero? Ntchito zathu zimalimbitsa thupi, sindikana. Koma mnofu umakula pamene wapatsidwa katundu woposa pang'ono amene unazolowera, kenaka n'kupatsidwa chakudya ndi mpumulo. Khasu la lero ndi lomwe lija la chaka chatha. Ndipo taonani, miyezi imene timagwira ntchito yakalavulagaga, Januwale ndi Febuluwale, ndiyo miyezi imene nkhokwe ili pululu. Thupi logwira ntchito ndi njala limadya minofu yake yomwe. Nchifukwa chake ine ndinayamba mu Meyi, titakolola, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti asankhe nyengo yomweyo.

Chitsulo changa ndi chigubu cha malita asanu chimene munali mafuta ophikira. Ubwino wa madzi ndi wakuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, motero ngakhale ine wa pulayimale ndimadziwa bwino lomwe kulemera kwa chimene ndanyamula. Ndinayamba ndi malita awiri okha, ana akundiseka.

Loyamba mwa masewero asanu aja, ndipo kwa ine ndilo lalikulu, ndi kukhala pa mpando ndi kudzukanso, chigubu nditachikumbatira pachifuwa, osagwira maondo. Likuoneka lachibwana, koma limagwira ntchafu ndi matako, m'mene muli minofu yaikulu ya munthu. Mayi wokalamba amene amalephera kudzuka pamphasa, mphamvu inayamba kumuthera m'menemo. Lachiwiri ndi kutola chigubu pansi ndi kuimirira nacho. Apa mpamene ndinaona cholakwa changa cha zaka zonse: ife timawerama ngati tikupalira, msana utapindika, pamene choyenera ndi kupinda maondo pang'ono, kubweza chiuno m'mbuyo, msana uli wowongoka, katundu ali pafupi ndi miyendo. Atatu otsalawo ndi a manja ndi mapewa: kutsamira khoma ndi zikhato n'kudzikankha, kukoka chigubu kufika m'nthiti dzanja lina litagwira mpando, ndi kukweza chigubu pamwamba pa mutu.

Lililonse ndimalichita kakhumi, ndipume pang'ono, ndibwereze kawiri. Zonse pamodzi sizifika mphindi 30, nthawi yochepa kuposa yophika nyemba. Masiku anga ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, pakuti mnofu umadzimanga pa tsiku lopuma lija. Kulemera koyenera ndi kumene kachisanu ndi chinayi ndi kakhumi kakukuvutani, koma thupi osapindika. Ndikafika pochita kakhumi ndi kawiri mosavuta, ndimaonjezera theka la lita, basi. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo anyamata a kuseri kwa nyumba mwambi umenewu sanaumve. Musatseke mpweya ponyamula; tulutsani mpweya pamene mukukweza. Kuphwanya kwa thupi m'mawa mwake nkwachibadwa ndipo kumatha pa masiku awiri kapena atatu, koma ululu wobaya m'bondo kapena mumsana ukutanthauza kuti mulekeze pomwepo. Amene muli oyembekezera, amene munachitidwa opaleshoni posachedwa, ndi amene muli ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, yambani mwafunsa kuchipatala.

Za chakudya, sindinagule ufa wa m'zitini umene anyamata amausirira. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amatiphunzitsa ndi okwanira, koma la nyemba ndi la nyama ndiwo amamanga mnofu. Kuno nandolo ndi wathu, ndipo timathamangira kumugulitsa yense kwa mavenda. Ine ndinasunga thumba limodzi. Phala la m'mawa ndimathira nsinjiro kapena ufa wa soya, masana nandolo kapena usipa, ndipo dzira limodzi mwa amene nkhuku zaikira ndi langa. Pamenepa mpamene panali nkhondo yeniyeni, osati ndi bambo a kunyumba ayi, koma ndi mtima wanga, pakuti tinaleredwa kuti mayi amadya zotsala mu mphika. Nachesi wathu wa Mwanza, amene timaimika naye magalimoto pamsewu wopita ku Zobue, ndimadyako mmodzi nditatha nsima, popeza amathandiza thupi kutenga bwino ayironi wa mu nyemba ndi masamba.

Sabata zitatu zoyamba sikelo sinasunthe, ndipo ndinatsala pang'ono kuleka. Koma chigubu chinayamba kupepuka thupi lisanasinthe maonekedwe, ndipo ndi mmene zimayendera: mphamvu imatsogola, mnofu umabwera pambuyo. Mwezi wachitatu manja a bulauzi anayamba kundigwira. Bambo a kunyumba, amene poyamba ankati, "Mai a ana, kodi mukufuna kulowa usilikali?" ndiwo anandipezera chigubu cha malita 10.

Tsopano tilipo amayi asanu ndi mmodzi a m'gulu lathu amene timakumana kuseri kwa nyumba yanga dzuwa lisanatuluke, aliyense ndi chigubu chake. Wamkulu mwa ife ali ndi zidzukulu zinayi, ndipo akali pa malita atatu. Ndowa ya malita 20 ija ndinaifikitsa pamutu ndekha mu Okutobala, pa mjigo womwe uja. Kamtsikana kaja kanalipo, ndipo kanatambasula manja kuti kandithandize, koma ndinakauza kuti kagwire yake.