Kuluka Sokosi Kuyambira ku Zala

Miyezi ya June ndi July kuno kwa Kapelula mphepo imaloŵa m'mafupa. Ndiyo nyengo imene abambo ali kalikiliki kusankha fodya ndi kumtumiza ku Chinkhoma, ndipo khanda lobadwa masiku ameneŵa limasoŵa chipewa ndi sokosi msanga koposa chovala china chilichonse, makamaka lobadwa masiku osakwana. Amayi a Chigwirizano, chimene chinayamba mu 1940 mu mpingo wathu, akhala akuluka zovala zotere kwa zaka zambiri. Koma ulusi wakwera mtengo, ndipo ambiri a ife timangomasula juzi yakale ya pa kaunjika. Pa chifukwa ichi tifuna kuyamikira njira yoyambira sokosi ku zala, osati kumwamba monga ambiri anaphunzirira kusukulu.

Woyambira kumwamba sadziŵa ngati ulusi wake ufika. Taonapo sokosi zokongola zimene zinaima pakati pa phazi, mwini wake n'kumalizira zala ndi ulusi wa mtundu wina. Woyambira ku zala alibe nkhaŵa imeneyi. Agaŵa ulusi paŵiri molingana, aluka phazi ndi chidendene, kenaka akwera kumwendo kufikira ulusi utatha. Ukachepa, sokosi ifupika chabe, koma ivalika ndithu.

Pafunika singano zisanu zosongoka mbali zonse. Amene alibe za kusitolo atenge masipoko a njinga, awadule molingana ndi kuwanola pamwala monga ankachitira anakubala athu; nsonga ikhale yosalala kuti isang'ambe ulusi.

Chiyambi chili motere. Gwirani singano ziŵiri pamodzi, ina pamwamba pa inzake. Kulungani ulusi pa ya pamwamba, muupitirize pakati, muukulunge pa ya pansi, monga mukulemba nambala 8, kufikira singano iliyonse ili ndi maso 6 ngati ndi ya khanda, kapena 10 ngati ndi ya wamkulu. Maso tikunenaŵa ndi aja ena amati masitichi. Tsono ndi singano yachitatu lukani maso a pamwamba, mutembenuze, muluke a pansi. A pansiŵa amakhala opotoka, choncho muziloŵetsa singano kumbuyo kwake. Pamenepa ndipo pamene atsikana ambiri amataya mtima, chifukwa singano zimathaŵa m'manja ndipo maso amaoneka otayirira ngati ukonde wakale. Musamasule ayi. Mukazungulira kaŵiri kapena katatu, gaŵani maso pa singano zinayi, ndipo ndi nsonga ya singano yachisanu kokani maso oyamba aja limodzilimodzi kufikira atathina. Mudzaona kathumba kotsekeka bwino, kopanda msoko wotupitsa chala.

Kuchokera apo onjezani maso anayi, aŵiri mbali iyi ndi aŵiri mbali inayo, mzere umodzi kuonjezera, wotsatira kungoluka, kufikira kathumbako kataphimba zala zonse. Ubwino wina ndi wakuti mukhoza kuyesa paphazi pa mwana ntchito ili mkati.

Njira iyi si yachilendo m'dziko lapansi. Ku Turkey ndi maiko oyandikana nawo akhala akuyambira sokosi ku zala kuyambira kalekale, ndipo mu 2006 mayi wina wa ku America, Judy Becker, anafalitsa kayambidwe kena kamene maso ake satayirira. Ife tiona kuti ya nambala 8 ndiyo yosavuta kuphunzitsa pakhonde.

Anyamata nawonso asadzipatule. Manja amene amasoka fodya m'chigafa tsiku lonse sangalephere singano zisanu, ndipo sitinapeze lamulo la mpingo loletsa mwamuna kulukira mwana wake sokosi.

Pomaliza kumwamba mutseke maso momasuka, ngakhale ndi singano yokulirapo. Mukathinitsa, sokosi sidzadutsa pa chidendene, ndipo pa mwendo wa khanda idzasiya mzera.