Phunziro la pa Khwekhwerere

 Pa 1 Meyi Mpingo umakumbukira Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, pa chikondwerero chimene Papa Pius XII adakhazikitsa mu 1955. Ife a bungwe la achinyamata taganiza kuti sabata ino tiulule nkhani imene takhala tikuchita nayo manyazi. Ndi nkhani ya minibasi yobwereka, sipanala ndi ndalama zimene tidakana kulipira mmisiri.

Tidakonza ulendo wokapemphera ku Mua, mishoni imene ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mu 1902, ndi kukaonanso zachikhalidwe ku Kungoni. Kwa miyezi itatu tidagwira maganyu, kugulitsa mandasi pakutha pa Misa ndi kusonkha kangachepe kuti tipeze ya mafuta ndi kamba. Mmodzi wa akuluakulu a mpingo adatibwereka Toyota Hiace yake yakale, koma adatichenjeza kuti: "Ana anga, galimoto tengani, sindikulipiritsani. Koma mabuleki akutsogolo ayamba kulira. Muyambe mwapita nayo kwa amakaniko."

Amakanikowo ndi bambo wa mumphakati wathu womwe, amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Atationetsa mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito yawo, tidangoti kukamwa yasa. Chichokere pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto, zimene pafupifupi zonse zimachokera kunja, zidakwera mtengo koopsa. Thumba lathu likadapungukadi.

Pamsonkhano wa Lachitatu tidagawikana pawiri. Ena adati amakaniko ndi anthu okuba masanasana: amatchula matenda amene galimoto ilibe, amachotsa chipangizo chabwino n'kuikapo chakutha, ndipo ntchito ya ola limodzi amaichedwetsa dala kuti ioneke yaikulu. Aliyense adali ndi nkhani ya malume kapena mlamu amene adaberedwapo motero, ndipo sitingakane kuti zoterezi zimachitikadi. Anyamata atatu adati adaonera pa YouTube mmene amasinthira mapadi a mabuleki, ndipo kwa iwo adali masewera chabe. Gulu lina, laling'ono, lidati galimoto si njinga yakapalasa, ndipo munthu wosaphunzira asayerekeze ngakhale kutsegula boneti. Mkangano udatha pamene msungichuma adatiwerengera kuti ndalama ya amakaniko ikadatigulira nkhuku zingati. Tonse tidaseka n'kuvomereza. N'chifukwa chake tikulemba kuti "ife", pakuti ngakhale amene sadagwire sipanala adakweza nawo mkono.

Loweruka tidagula mapadi n'kuimika galimoto pa jeke kuseri kwa holo ya parishi. Ntchito idayamba bwino mpaka pamene mapadi atsopano adakana kulowa, popeza kachitsulo kamene kamawakankha kadali katatuluka. Mmodzi wa ife adamasula paipi ya mafuta a mabuleki kuti kabwerere msanga. Kadabwereradi, mafuta ena n'kutayikira pansi. Tidawonjezera ena a m'botolo lakale lotsegula kale limene tidalipeza pansi pa mpando. Titayesa galimoto pabwalo la tchalitchi, idaima, ngakhale chopondera chidali chofewa ngati siponji. Tidauzana kuti mapadi atsopano amatero. Mwini galimoto atafunsa ngati mabuleki akonzedwa, tidayankha kuti inde. Sitidaname m'mawu, koma tidadziwa bwino lomwe chimene iwo ankafunsa.

Tsiku la ulendo tidanyamuka anthu 15, tikuimba. Titapatuka pa Masasa tidayamba kutsetsereka phiri la Khwekhwerere kulunjika ku Golomoti. Amene adadutsapo akudziwa mmene msewuwu umakhotakhotera, chigwa chili tatalala kumunsi. Tili pakati pa mtsetse, adalaivala, bambo amene ayendetsa galimoto zaka zambiri, adasiya kuimba. Tidawaona akupondaponda mabuleki mofulumira, chopondera chikufika pansi. Adalowetsa giya yachiwiri, injini n'kubuma, kenaka yoyamba, uku akukoka handibuleki pang'onopang'ono, mpaka adakaigunditsa mofatsa kuchigumula cha mbali ya phiri. Nyimbo idazima. Mtsikana wina wa fomu 2 adayamba kulira chamumtima, kolona ili m'manja. Pagalimoto ponse pankamveka fungo la chinthu chopserera.

Tidaimbira foni amakaniko omwe aja tidawathawa. Adabwera pa njinga yamoto, bokosi la zida lili kumbuyo. Atasuzumira kuseri kwa tayala adafunsa funso limodzi lokha: "Ndani wagwira pano?" Tidaweramitsa mitu. Tinkayembekezera mawu olasa, koma iwo adangopukusa mutu nati, "Bwerani pafupi, achimwene, muone chimene mwachita."

Pamenepo, m'mbali mwa msewu, tidalandira phunziro limene kanema uja sadatipatse. Mabuleki amagwira chifukwa mafuta safinyika: ukaponda, mphamvu ya phazi imayenda m'mapaipi n'kukakankha mapadi. Mpweya umafinyika, motero ukalowa m'paipi, phazi limangopondereza mpweyawo m'malo moimitsa tayala. Titamasula paipi ija tidalowetsa mpweya, ndipo sitidauchotse. Chachiwiri, mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akakhala m'botolo lotsegula. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asadafike madigiri 205, koma akamwa chinyezi angathe kuwira pa madigiri 140 okha. Pamtsetse wautali mabuleki amatentha kwambiri, mafuta oterewa amawira n'kupanga nthunzi, ndipo chopondera chimapita pansi popanda chogwira. Pabwalo la tchalitchi, galimoto ili yopanda katundu, zonsezi zidabisika. Zidadikira phiri ndi miyoyo 15.

Adakhetsa mafuta onse akale, nathira atsopano, nachotsa mpweya tayala ndi tayala, mmodzi wa ife akupondaponda monga ankamuuzira. Atatha adatchula mtengo womwe uja wa poyamba, kuwonjezerapo ya petulo wa njinga yawo basi. Akadafuna kutikhaulitsa, pamenepo ndiye padali pabwino, pakuti tidalibe kolowera. Ku Mua tidafika dzuwa litapendeka, ndipo Misa ya tsikulo sitidzaiiwala.

Okondedwa, tasinkhasinkha kwambiri za chimene chidatichitikira, ndipo tapeza kuti vuto lathu silidali umphawi. Chimene tinkachitcha kusamala ndalama chidali kunyoza luso la mnzathu. Tidayang'ana ovololo yakuda ndi zikhadabo zodzaza girizi, n'kuganiza kuti zimene munthuyu waphunzira zaka zambiri ife tingazidziwe ndi kanema wa mphindi khumi. Dokotala sitimutsutsa mtengo motero, loya sitimutero, koma mmisiri timamuona ngati wotsala kusukulu. Tidaweruzanso munthu wosalakwa chifukwa cha machimo a amisiri ena, chonsecho timakhala naye benchi limodzi Lamulungu lililonse. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo phula lathu likadadyedwa ndi makolo a anzathu aja.

Chikhulupiriro chathu sichitilola kunyoza ntchito ya manja. Ambuye Yesu adakulira m'nyumba ya mmisiri, ndipo anthu a kwawo ankawadziwa ngati mmisiri asadawadziwe ngati mphunzitsi. Paulo Woyera ankasoka matenti ku Korinto. John Bosco Woyera, m'zaka za m'ma 1850 ku Turin, ankasainirana mapangano ndi mabwana kuti anyamata ophunzira ntchito azilipidwa moyenera, asamenyedwe, ndipo azipuma pa masiku oyera. Mu 1981 Papa John Paul II adalemba kalata yotchedwa Laborem Exercens, yotikumbutsa kuti ulemu wa ntchito umachokera kwa munthu amene akuigwira, ndi kuti malipiro oyenera ndiwo muyeso wa chilungamo pakati pathu. Tikamalipira mmisiri sitigula ola limodzi limene wakhala pansi pa galimoto. Timalipira zaka zimene zidaphunzitsa khutu lake kumva vuto injini ikangolira, ndiponso timathandiza kudyetsa ana ake.

Komabe anzathu amene ankati tisatsegule n'komwe boneti nawonso sadalondole kwenikweni, ndipo amene adawatsutsa ndi amakaniko omwewo. Adatiuza kuti magalimoto ambiri amene amafika kwa iwo atafa injini amaphedwa ndi ulesi wa eni ake. Pali ntchito zimene ndi zathu. Kuona oyilo pa kandodo koyezera galimoto itaima pamalo osalala, kuona madzi injini itazizira, kuyeza mpweya wa m'matayala osaiwala la sipeya, kuona ngati magetsi onse akuyaka, kupukuta mitu ya batire, kusintha tayala likaphulika: zonsezi mwini galimoto ayenera kuzidziwa. Adatichenjezanso kuti tisatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha, ndipo tisagone pansi pa galimoto imene yangoimikidwa pa jeke yokha, monga tidachitira ife Loweruka lija. Koma mabuleki ndi chiwongolero, zimene zikalakwika zimapha anthu osalakwa, zisiyidwe kwa wodziwa, kapena tizigwire iye ali pambali pathu. Munthu amene amadziwa zazing'onozi saberedwanso wamba, chifukwa amadziwa kufunsa mtengo ntchito isadayambe ndi kupempha kuona chipangizo chakale chimene chachotsedwa.

Tidaona kuti moyo wathu wauzimu uli chimodzimodzi. Pemphero la m'mawa ndi kudzifufuza mumtima madzulo palibe angatichitire, monga palibe makaniko amene angabwere m'mawa uliwonse kudzationera oyilo. Koma pali zina zimene zikathyoka mkati mwathu sitingazikonze tokha kuseri kwa holo, ndipo kuzibisa n'kungodikira phiri. N'chifukwa chake Mpingo uli ndi sakramenti la kulapa. Ambiri a ife tidapitako sabata yomweyo, ndipo chimene chidatilemera koposa si paipi imene tidamasula, koma "inde" uja tidayankha mwini galimoto.

Tidapita kukapepesa kwa mkulu uja. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Galimoto ndikadagula ina, ana anga. Nanga makolo anu ndikadawauza chiyani?" Tidapepesanso kwa adalaivala, amene tidawapatsa miyoyo ya anthu m'manja popanda kuwauza zoona. Tsopano anyamata awiri mwa atatu aja, pamodzi ndi mtsikana mmodzi, amapita pansi pa mtengo wa mango Loweruka lililonse kukaphunzira ntchito. Pakadali pano akutsuka zipangizo ndi kupatsira masipanala, ndipo sakudandaula.

Sabata ino tikupempha aliyense wa ife aganizire mmisiri amene adamugwirirapo ntchito: makaniko, telala, wowotcherera zitsulo, womanga nyumba. Kodi tidamulipira zonse? Kodi tidamulipira pa nthawi yake, kapena tikumuzemba mpaka lero pakhomo la tchalitchi? Ngati ngongole ilipo, tiyeni tikabweze Lamulungu lisadafike.

Tipemphere: Ambuye, dalitsani manja a onse amene amatikonzera zimene ife sitingathe. Tipatseni khama losamala zimene mwatisungitsa, kudzichepetsa kopempha thandizo pamene nzeru zathu zathera, ndi mtima wolipira wantchito mosanyinyirika. Yosefe Woyera, mmisiri wokhulupirika, mutipempherere ife. Amen.